Kavalo akafa pa mpikisano wa makilomita 160, mlandu ndi wa ndani?

WaKwaMponda
Abale anga, ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Dzulo madzulo tili pa msika mphwanga anandionetsa kanema pa foni yake. Unali mpikisano wa akavalo m'chipululu, koma osati uja wothamanga mphindi ziwiri n'kutha. Uwu akuti amayenda makilomita 160 tsiku limodzi. Kavalo wina ankadzandira ngati waledzera, wokwerapo akungomugogoda ndi zidendene, m'mbali muli magalimoto akuliza mahutala, anyamata akuthamanga n'kumamukhuthulira madzi. Kenaka anagwada ndi miyendo yakutsogolo, osadzukanso. Makilomita 160 ndiye kuti kuchoka pano pa boma la Mangochi, kudutsa Liwonde, kudutsa Zomba, n'kumapitabe. Funso langa ndi ili: chinyama chikafa chonchi, wolakwa ndi wokwera, mwini wake, kapena amene anakonza mpikisanowo? Ndikudziwa m'gulu muno muli ena amene anagwirapo ntchito m'makola a akavalo ku Joni. Tithandizeni.

UsipaWouma
Achimwene, chimanga chakwera mtengo, usipa ukusowa m'nyanja, inu mukulira kavalo wa anthu olemera a kunja? Pa Mangochi pano munamuonapo kavalo?

WaKwaMponda
Sindinamuonepo pano, zoona. Ndinawaona kamodzi pamwamba pa phiri la Zomba. Koma mtima sunandifunse kuti chinyamacho n'chakuti ndisanamve chisoni.

MayiWaKuNamwera
A UsipaWouma, musiyeni mwanayu afunse. Nkhani ya chimanga tinaikamba sabata yonse yatha, ndipo tidzaikambanso mawa.

MlangiziWaZiweto
Ndiyambe ndafotokoza m'mene mpikisanowu umayendera, kuti tisamaweruze mumdima. Pa Chingerezi amautcha endurance. Amauyang'anira pa dziko lonse ndi bungwe la FEI lomwe likulu lake lili ku Lausanne, Switzerland. Mtundawo samauyenda ulendo umodzi. Amaudula zigawozigawo, ndipo chigawo chilichonse chikatha kavalo amaimitsidwa kuti madokotala a ziweto amuyeze. Mtima wake uyenera kutsika kufika pa 64 pa mphindi, apo ayi wachotsedwa. Amamutsina khungu kuona ngati madzi alimo m'thupi, amamuona nkhama, amamvetsera ngati matumbo akulira, kenaka amamuthamangitsa pang'ono wopanda womukwera kuti aone ngati akutsimphina. Akalephera chimodzi mwa zimenezi ulendo wathera pomwepo, ngakhale akhale kuti ali patsogolo pa onse. Ngakhale pamapeto penipeni, ukafika woyamba koma kavalo wako n'kupezeka akutsimphina, sunapambane. Pa pepala malamulowa ndi abwino ndithu.

UsipaWouma
Ndiye ngati madokotala alipo, wolakwa ndi dokotala. Nkhani yatha.

CheJoni77
Sinathe, bambo. Ine ndinasamala akavalo zaka zisanu ndi chimodzi pa famu ina ku Free State, ku South Africa. Ndaperekeza abwana ku mpikisano wa ku Fauresmith katatu, kumene amayenda makilomita 200 m'masiku atatu mwezi wa July, kukuzizira koti madzi a m'ndowa amaundana. Ndikufuna ndikuuzeni zomwe zinandichitikira, ngakhale sindinaziuzepo ngakhale mkazi wanga.

Panali kavalo wamkazi wotuwa, wa mtundu wa Chiarabu, amene ndinkamusamala ine ndekha. Ndinkamutcha Chiphadzuwa. Ndinkadziwa kapumidwe kake, ndinkadziwa kuti m'mawa amayamba wanunkhiza thumba langa lakumanzere chifukwa ndinkaikamo karoti. Tsiku lina tinapita ku mpikisano waung'ono wa makilomita 80, nyengo yotentha. Wokwera anali mwana wa abwana, mnyamata wa zaka ngati makumi awiri. Ankafunitsitsa kumaliza kuti aloledwe kukwera mipikisano ikuluikulu, ndipo bambo ake anali ataitana anzawo kudzaonerera.

Atamaliza chigawo chachiwiri, Chiphadzuwa anakana madzi. Ndinamuikira ndowa pakamwa, anangonyowetsa milomo n'kutembenuza mutu. Udzu sanaukhudze, karoti sanamufune. Chiyambire m'mawa anali asanakodze. Diso lake linali lozilala, akuyang'ana kutali ngati sakundidziwa. Mtima unachedwa kutsika, ndiye tinamuthira madzi a ayezi m'khosi, pachifuwa ndi pakati pa miyendo, ndowa pamwamba pa ndowa, mpaka makina anaonetsa 64. Tinathamangira naye kwa dokotala. Dokotala anamuona mwina mphindi zitatu, kumbuyo kuli mzere wa akavalo ena. Sanatsimphine. Analoledwa kupitiriza.

Ine ndinati, bwana, kavaloyu sakumwa. Ndinanena kamodzi kokha, motsitsa mawu. Abwana anayankha kuti dokotala wavomereza, kodi iwe ukudziwa kuposa dokotala? Ndinakhala chete. Ndinatenga chishalo n'kumuika pamsana, lamba ndinamanga ndine ndi manja angawa.

Anamaliza mtundawo. Mnyamata analandira satifiketi yake, anajambulitsa. Patapita ola limodzi kavalo anauma matako ngati thabwa, akunjenjemera, thukuta lili chuchuchu, osatha kusuntha mwendo. Atakodza, mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa pamoto. Anamuika madiripu usiku wonse, ine nditagwira chingwe. Tsiku lachitatu impso zinasiya kugwira ntchito, anamubaya jakisoni womugoneka.

Ndiye mukati wolakwa ndi dokotala, ine ndikukana. Dokotala anamuona mphindi zitatu. Mnyamata uja anakhala pamsana pake maola asanu. Ine ndinakhala naye zaka zitatu.

MayiWaKuNamwera
Pepani Che Joni. Ndawerenga misozi ikulengeza.

MlangiziWaZiweto
Zomwe afotokoza Che Jonizi n'zodziwika bwino m'ntchito yathu. Kavalo akamathamanga kotentha amatha kutaya malita 10 kufika 15 a thukuta pa ola limodzi. Choopsa n'chakuti thukuta lake limatuluka ndi mchere wambiri, kusiyana ndi lathu, ndiye thupi silimuuza msanga kuti ali ndi ludzu. Amauma m'kati koma madzi akuwakana. Minofu ikayamba kuphwanyika, zinyalala zake zimalowa m'magazi n'kukatseka impso, n'chifukwa chake mkodzo umada. Ndipo madzi a ayezi aja si olakwika pawokha, kuziziritsa kavalo n'kofunika. Cholakwika n'kuwagwiritsa ntchito pofuna kungopeza nambala yodutsira, pamene chinyama chikukuuza m'njira zina zonse kuti chatha.

Nankumba_1
Koma ine ndifunse mosapsatira. Ngati kavalo watopa, bwanji osangoima? Bulu wa malume anga akatopa amangokhazikika pakati pa msewu, umenye usamenye sasuntha.

CheJoni77
Apo ndiye pali kusiyana kwake. Bulu amadziteteza. Kavalo ndi nyama ya m'gulu, akaona anzake akupita mtima wake umamuuza kuti wotsala adyedwa. Ndipo a Chiarabuwa ali ndi mtima wothamanga, amakupatsa zonse mpaka kugwa. Anthu amatama zimenezi, amati kavalo wanga ndi wolimba mtima, amakonda mpikisano. Kavalo sadziwa kuti kutsogolo kwatsala makilomita 30. Sadziwa chikho, sadziwa mendulo. Amadziwa ndi munthu ali pamwambayo.

KabazaWaMalindi
Mukuti kavalo sasankha, munthu amasankha. Ine ndimapalasa njinga kuchoka ku Malindi kudzafika pa mlatho wa Bakili Muluzi nditanyamula munthu ndi thumba lake, mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo. Mukuganiza kuti ndimasankha? Amandisankhira ndi njala. Che Joni nawonso sanasankhe. Akanakana kumanga lamba bwenzi atawathamangitsa tsiku lomwelo, mwina opanda ndi mapepala omwe. Musawasenzetse mlandu wa bwana.

ChilungamoBasi
Ayi, ine sindigwirizana nazo. Che Joni, mundikhululukire, koma nanunso muli ndi gawo lanu. Dokotala anali pomwepo. Mukanamunong'oneza kuti sanamwe ndipo sanakodze, bwenzi atamuyezanso. Tikamati wantchito alibe mlandu chifukwa ndi wosauka, ndiye kuti zoipa zonse zizidutsa m'manja mwa osauka popanda woziletsa.

KabazaWaMalindi
N'zosavuta kulankhula muli pa mpando wa mu ofesi.

CheJoni77
Musakangane chifukwa cha ine. A ChilungamoBasi akunena zoona, ndipo ndi zomwe zimandidzutsa usiku. Dokotala uja anandifunsa kumene kuti akudya ndi kumwa bwino? Abwana anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinagwedeza mutu kuvomera. A Kabaza nawonso sakunama, kunyumba kunali ana atatu odikira ndalama ya fizi. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo kavalo anafabe.

AngangaAMalombe
Ana inu, mukukamba za akavalo a kutali pamene zomwezi zili pakhomo pathu. Imani pa msewu wa ku Monkey Bay tsiku la msika muone mbuzi zitamangidwa miyendo inayi pa kaliyala, mutu ukulendewera pafupi ndi sipoko. Nkhuku khumi zozondoka pa handulo, dzuwa lili pamutu. Bambo anga anali ndi ng'ombe ziwiri za ngolo. Chaka china mnansi wathu anagula ngolo yatsopano n'kumadzitama kuti zake zimasenza matumba ambiri. Bambo, pofuna kuti asaoneke ochepa, anapakira njerwa mopitirira muyeso, n'kudutsa dala pakhomo pa mnansi uja. Ng'ombe imodzi inagwa pa chitunda, goli linaisupula khosi, sinakokenso mpaka anaigulitsa kwa opha nyama. Njerwazo sizinali zachangu. Akanatha kuyenda maulendo awiri. Anali matama basi, ndipo bambo anavomera okha atakalamba.

UsipaWouma
Apa ndiye mwayamba kukamba zomveka, agogo. Za ngolo ndikuzidziwa.

Nankumba_1
Tikadali pa ngolo pomwepo, alipo akudziwa komwe ndingapeze matayala akale a 14? Anga atha.

MayiWaKuNamwera
Funsani ku gulu la malonda lija, achimwene. Kuno tili pa maliro a Chiphadzuwa.

MphunzitsiWaKale
Ine ndikufuna ndiuikire kumbuyo pang'ono mpikisanowu, chifukwa tikuuona mbali imodzi. Ku California kuli wina wotchedwa Tevis Cup umene unayamba mu 1955. Amayenda makilomita 160 m'mapiri, kuchokera kufupi ndi Lake Tahoe kukafika ku Auburn, ndipo amapatsidwa maola 24. Okwera ambiri m'malo otsetsereka amatsika n'kumathamanga wapansi pambali pa kavalo kuti amupeputse. Pafupifupi theka la oyamba ndi amene amamaliza, ena amachotsedwa ndi madokotala kapena amadzichotsa okha. Ndipo kuli mphoto yachiwiri, Haggin Cup, yomwe imaperekedwa m'mawa mwake kwa kavalo amene ali ndi thanzi labwino koposa mwa khumi oyamba kufika. Ambiri kumeneko amailemekeza mphotoyi mofanana ndi yoyamba ija. Bungwe lawo limaphunzitsa kuti kumaliza kokhako ndiye kupambana. Ndiye si onse amene amapita kukapha zinyama. Pali anthu amene amakhala ndi kavalo mmodzi zaka khumi ndi zisanu, kumayenda naye mipikisano, mpaka kukalamba naye.

Zinthu zinasintha pamene ndalama zambiri zinalowa, makamaka ku United Arab Emirates. Kumeneko njira ndi yosalazidwa, yopanda phiri, ndiye liwiro linakwera mpaka opambana kumapitirira makilomita 25 pa ola pa mtunda wonsewo. Mafupa a kavalo sanalengedwere zimenezo. Mu January 2015 kavalo wotchedwa Splitters Creek Bundy anathyoka miyendo yonse iwiri yakutsogolo pa mpikisano ku Abu Dhabi, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Mu March chaka chomwecho FEI inaimitsa bungwe la dzikolo kwa miyezi ingapo. Zinadziwikanso kuti mipikisano ina inangolembedwa pa pepala koma sinachitike, pofuna kuti akavalo aoneke ngati akwaniritsa zofunika.

CheSaidiWaMpondasi
Aphunzitsi, zomwe mwanenazo ndi zoona, koma tisamale kuti zisamveke ngati vuto ndi Aarabu kapena chipembedzo chawo. Ife ku madrasa tinaphunzitsidwa za mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka osamupatsa chakudya, ndi za munthu amene anakhululukidwa chifukwa chomwetsa galu waludzu. Wozunza kavalo chifukwa cha chikho sakutsata chiphunzitso chimenecho. Komanso akavalo ambiri othamanga m'chipululumo amagulidwa ku France, ku Australia, ku Uruguay, ku South Africa. Ogulitsawo amadziwa komwe akupita, ndalama amalandira.

CheJoni77
Che Saidi mwalasa. Pa famu pathu kavalo akapambana bwino kawiri katatu, abwana ankayamba kudikira foni ya ogula a ku Dubai. Kuthamangitsa ana a akavalo mofulumira kunkachokera pamenepo, kuti mbiri yake ioneke yokoma pa pepala.

MphunzitsiWaKale
Ndavomera, Che Saidi, ndipo ndiwonjezere chitsanzo cha ku America komwe. Mu 2018 pa masewero a dziko lonse a akavalo ku Tryon, North Carolina, mpikisano wa mtunda wautaliwu unasokonekera kuyambira m'mawa, okwera ena atalozeredwa njira yolakwika. Masana kunatentha ndi chinyezi choopsa, akavalo ambiri akuthamangitsidwira ku chipatala, mpaka akuluakulu anauthetsa usanathe. Okwera a ku Spain amene ankatsogola anakwiya kwambiri, anthu anakuwiza oweruza. Kavalo mmodzi wa ku New Zealand anafa ndi vuto la impso. Taganizani, akavalo ali pa madiripu, anthu akukalipira mendulo.

ChilungamoBasi
Koma a ku Spain aja mwina akavalo awo anali bwino. Munthu wakonzekera zaka zinayi, waononga ndalama, wauluka ndi kavalo kuwoloka nyanja. Kukwiya kwawo ndikukumvetsa. Amene anakonza mpikisano malo otentha chonchija ndi amene ayankhe.

MlangiziWaZiweto
Okonza ali ndi mlandu wawo, inde. Koma ine ndimabwerera kwa wokwera, ndipo malamulo a FEI nawonso amati munthu woyamba kuyankha za kavalo ndi wokwerayo, ngakhale kavaloyo asakhale wake. Vuto lina la m'makola akuluakulu ndi lakuti wokwera amakumana ndi kavalo m'mawa wa mpikisano womwewo. Samudziwa. Sangazindikire kuti lero mayendedwe asintha pang'ono, kapena makutu agwa. Amene akumudziwa ndi wantchito ngati Che Joni, amene alibe mawu. Ndiye wodziwa alibe mphamvu, wamphamvu sakudziwa kapena sakufuna kudziwa.

Palinso zina zoipa kuposa apa. Ena amabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'miyendo kuti kavalo asamve kuwawa, asatsimphine pamaso pa dokotala. Fupa lili ndi mng'alu, chinyama chikuthamangabe osamva kanthu, mpaka fupa kuthetheka. N'chifukwa chake masiku ano anayamba kuyeza ngati mwendo ukumva kukhudza. Wochita zimenezi sanganene kuti inali ngozi.

WaKwaMponda
Ndiye kavalo wa mu kanema uja mwina zinali zotere? Chifukwa anagwa mwadzidzidzi, miyendo yakutsogolo inangopindika.

MlangiziWaZiweto
Sindingaweruze za kanema amene sindinamuone, achimwene. Koma kudzandira munanena kuja wokwera anakumva m'thupi mwake kalekale inu musanakuone pa foni. Munthu ukakhala pamsana pa chinyama, phazi lililonse likaponda molakwika umalimva m'chiuno.

MayiWaKuNamwera
Mwana wa mchemwali wanga anathamangapo mpikisano wa onyamula katundu ku phiri la Mulanje. Anabwera zala zakumapazi zili magazi okhaokha, koma akuseka, akuti chaka chamawa ndibwereranso. Ameneyo sindimumvera chisoni chifukwa miyendo ndi yake, ulemu ndi wake. Amene akufuna kuonetsa kulimba athamange ndi miyendo yake ngati iyeyu. Chimene chikundiwawa ine pa nkhani ya Che Joni ndi chithunzi chija. Mnyamata akumwetulira ndi satifiketi, kavalo ali kuseri akuuma. Bambo ake ataitana anzawo, ndiye zikanakhala zamanyazi kunena kuti mwana wanga sanamalize. Manyazi a tsiku limodzi.

KabazaWaMalindi
Amayi, pamenepo ndagwirizana nanu. Nane ndili ndi makasitomala otero, amati palasa msanga tiwapitirire awo, pamene sakuthamangira kulikonse.

AngangaAMalombe
A Mlangizi, popeza muli pano, tiuzeni ife a ngolo. Bulu kapena ng'ombe tingaidziwe bwanji kuti yafika poti tiimasule? Mdzukulu wanga ndi amene akuyendetsa tsopano ndipo ndi wopupuluma.

MlangiziWaZiweto
Agogo, muuzeni izi. Atsine khungu la pakhosi n'kulisiya, likachedwa kubwerera ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Akweze mlomo aone nkhama, zikhale zonyowa ndi zofiirira pang'ono, osati zouma kapena zotuwa. Ng'ombe ikayamba kupuma ndi kukamwa, lilime panja, dovu likutuluka, aimasule pomwepo aipititse pamthunzi. Bulu ndi wovuta chifukwa amabisa ululu, akangokhala duu mutu pansi osafuna kudya, ameneyo wadwala kale kwambiri, asadikire mawa. Miyezi ya October ndi November kuno kunyanja azigwira ntchito m'mamawa ndi madzulo, masana ziweto zipume. Aziona pansi pa goli ndi pa zingwe tsiku lililonse ngati pali chilonda. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinyama ku nkhanza, ndipo ku Lilongwe bungwe loteteza zinyama la LSPCA lakhala likuphunzitsa eni abulu zinthu ngati zimenezi.

AngangaAMalombe
Zikomo. Ndimuwerengera madzulo ano akabwera kotunga mchenga.

ChilungamoBasi
Che Joni, ndifunse komaliza, ndipo sindikufunsa mokuzengani. Kavalo atafa, abwana ndi mwana wawo anati chiyani? Inu munachoka?

CheJoni77
Mnyamata uja analira, zimenezo ndisamunamizire. Anabwera m'khola usiku wachiwiri n'kukhala pansi pa udzu pafupi ndi ine, osalankhula. Koma kwa anzake ankanena kuti kavalo anali ndi matenda obisika, ndipo dokotala anali atamuvomereza. Abwana anandipatsa ndalama pang'ono ya usiku umene ndinachezera. Patatha masabata awiri anabweretsa kavalo wina, wofiirira, wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumuika m'khola lomwe lija. Anandiuza kuti uyu ndi wako, umukonzekeretse.

Sindinachoke. Ndinakhala miyezi ina isanu ndi itatu chifukwa nyumba yanga ya ku Namwera inali isanafoleredwe, ankatsala malata 24. Wofiirira uja ndinamusamala bwino, koma dzina sindinamupatse, ndipo karoti ndinasiya kuika m'thumba.